Diso la pakhoma siligwira mbava

Kale munthu wa ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 23 akati wateteza katundu wake, amatanthauza zinthu zitatu: mpanda wa mabotolo osweka pamwamba, zitsulo m'mawindo ndi galu wolusa. Amene zinthu zidawayendera ankawonjezera mlonda wa chibonga ndi wenzulo. Masiku ano pabwera chinthu china. Mukakweza maso pakhonde la golosale, pa shopu ya zipangizo za galimoto ku Biwi, pamalo omwera kapena pa geti la nyumba zina ku Area 25, muona kakamera koyera katakanirira pakhoma, kakuyang'ana aliyense wodutsa.

Makamera amenewa ndi osiyana ndi aja tinkawaona m'mabanki ndi m'masitolo akuluakulu, omwe ankafuna nthambo zambirimbiri komanso kanema woikidwa mu ofesi ya bwana. Awa amalumikizidwa ku intaneti. Ena amadzera pa Wi-Fi, ena ali ndi malo olowetsa simu khadi ngati foni, ndipo zomwe akuona amazitumiza pa foni ya mwini wake. Mwini golosale ya ku Chinsapo angathe kukhala pa maliro ku Mchinji koma n'kumaona amene walowa mu shopu mwake. Makampani a ku China monga Hikvision ndi Dahua adachulukitsa makamerawa padziko lonse mpaka mtengo wake udatsika, moti ngakhale kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, wabizinesi wamng'ono akalimba mtima amatha kugula kamodzi.

Zomwe zayamba ku Lilongwe sizichedwa kufika ku Mponela, ku Mitundu, ku Nathenje ndi ku Lumbadzi. Kumeneko nako kuli zigayo, mashopu a feteleza, nyumba zosungiramo soya ndi mtedza, komanso timaofesi ta Airtel Money ndi TNM Mpamba momwe mtsikana mmodzi amakhala yekha ndi ndalama tsiku lonse. Choncho funso lomwe anthu a ku Kawale akudzifunsa lero ndi lanunso: kodi kamerayi imateteza, kapena ingotithera ndalama?

Nkhaniyi anthu ena adaifufuza kale. M'chaka cha 2019, akatswiri anayi, Eric Piza, Brandon Welsh, David Farrington ndi Amanda Thomas, adasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 40 wokhudza makamera a chitetezo, wambiri mwa iye wochokera ku Britain ndi ku America. Iwo adapeza kuti m'malo momwe mudaikidwa makamera, umbanda udatsika ndi pafupifupi 13 peresenti. M'malo oimikapo galimoto udatsika kwambiri, ndi 37 peresenti. Koma pa milandu ya ndewu ndi kuvulazana sadaone kusintha kogwira mtima. Chachikulu china n'chakuti makamera adathandiza pomwe padali munthu woyang'ana zithunzi nthawi yomweyo, ndiponso pomwe adaphatikizidwa ndi njira zina monga magetsi owala ndi alonda. Kamera yongojambula popanda woiyang'ana siidaonetse phindu lenileni.

Tisaiwale kuti awa ndi maiko a magetsi mumsewu uliwonse ndi apolisi a galimoto zokwanira. Ngakhale ku Johannesburg, komwe abale athu ambiri amagwira ntchito, makamera a kampani ya Vumacam omwe adadzadza m'misewu amadalira makampani a chitetezo okhala ndi galimoto zothamangira pamalo akalandira chenjezo. Nanga ku Mgona, komwe njira zina ndi zopapatiza moti galimoto singalowe, athamange ndani? Foni ikalira 2 koloko usiku kukudziwitsani kuti pa shopu pali munthu, inu muli ku Area 25 ndipo shopu ili ku Chinsapo, mungoonerera katundu wanu akutuluka ngati mukuonera filimu. Kamera ndi mboni. Imaona, imasunga, koma ilibe manja. Amene ali ndi manja ndi achitetezo a m'dera, aja timawatcha aneba, ndi anansi omwe angadzuke mukawaimbira. Amene wagula kamera n'kusiya kusonkha ya aneba poganiza kuti wathana nazo, wasinthanitsa mlonda ndi wojambula zithunzi.

Komatu ngakhale umboniwo, makamera ambiri omwe tikuwaona m'makwalalamu sangaupereke, ndipo vuto limayambira pa makwerero, tsiku loyika.

Ambiri amafuna kamera imodzi ione zonse: khomo, msewu, shopu ya mnzake, mpaka pa siteji ya kabaza. Amaikweza pamwamba penipeni kuti akuba asaifikire. Zotsatira zake n'zakuti imajambula zipewa ndi mapewa. Muyezo omwe akatswiri oika makamera akhala akutsata umati kuti nkhope ya munthu izindikirike mosakayikitsa, pamafunika timadontho 250 ta chithunzi pa mita iliyonse ya malo omwe akujambulidwa. Kamera wamba yolembedwa 1080p ili ndi timadontho 1,920 m'mbali mwake. Mukagawa, mupeza kuti imazindikiritsa nkhope pokhapokha ngati ikuona malo osaposa mamita 8 m'lifupi. Mukaiuza kuti ione msewu wonse wa mamita 20 kapena 30, mudzaona kuti munthu adadutsa, adanyamula thumba, koma osadziwa kuti ndani. Kukulitsa chithunzi pa foni sikuthandiza; zija za m'mafilimu zoti wapolisi akadina batani nkhope imayera n'zongopeka.

N'chifukwa chake kamera imodzi ndi bwino kuilozetsa pamalo amodzi pomwe wakuba sangapewe kudutsa, monga pakhomo kapena pa geti, itakwezedwa mamita awiri ndi theka kapena atatu basi. M'kati mwa shopu, kamera yoyang'ana kukhomo masana imavutika ndi kuwala kwa panja, moti wolowa amangooneka ngati chithunzithunzi chakuda. Ndi bwino kuiyesa m'mawa, masana ndi usiku musanaboole khoma, wina ataima pakhomo, inu mukuyang'ana pa foni.

Khomalo nalo ndi nkhani. Malangizo omwe amabwera m'katoni adalembedwera makoma a simenti. Amati boolani, lowetsani timapulasitiki, mangani. Nyumba zambiri ku Chinsapo, ku Mgona ndi mbali zina za Area 23 n'zomangidwa ndi njerwa zowotcha zogwirizitsa ndi dothi, zina ndi zidina, kunja n'kupaka pulasitala wopyapyala. Mukaboola pa mzere wa dothi, timapulasitikito timagwira sabata zochepa, kenako kamera imayamba kuwerama, ndipo mwana woponya mpira angathe kuigwetsa. Pamafunika kuboola pakati pa njerwa yeniyeni, kapena pa konkire ya pamwamba pa chitseko, apo ayi kukhomera kaye thabwa lolimba n'kumangirira kamerayo pathabwapo. Pa siling'i n'chimodzimodzi: bolodi payokha singadalirike, zomangira ziyenera kulowa mu thabwa lomwe lagwira bolodiyo. M'nyumba zopanda siling'i, anthu amamangirira kamera ku mtanda, pansi penipeni pa malata. Makamera ambiri a m'nyumba adapangidwa kuti apirire kutentha kosaposa madigiri 40 kapena 45, ndipo aliyense amene adagonapo masana m'nyumba ya malata mwezi wa October akudziwa zomwe zimachitika kumwambako.

Ya panja iyenera kukhala yolembedwa IP66 kapena IP67, kusonyeza kuti fumbi ndi mvula sizilowa. Yopanda chizindikirochi ikaikidwa panja, mvula ya January imaimaliza. Nthambo ikasiyidwa poyera, wakuba safunika n'kukwera komwe, amangodula ndi pulayala. Iyenera kudutsa m'paipi kapena kulowa m'nyumba kuseri kwa kamerayo. Palinso tinthu tina tooneka tachabechabe. Usiku kamera imaunika ndi kuwala kwake komwe maso athu saona, ndipo ikayandikana kwambiri ndi khoma loyera, kapena ikaikidwa kuseri kwa galasi la windo, kuwalako kumabwerera n'kuichititsa khungu. Tizilombo touluka timakonda kuwala komweko, akangaude amatsatira tizilomboto, ndipo pakatha mwezi mboni yanu imakhala ikujambula ukonde wa kangaude usiku wonse. Tsache lalitali nalo ndi chipangizo cha chitetezo.

Ochita lendi asaiwale kupempha kaye eni nyumba asanaboole. Mikangano ina ya pa poloti imayamba ndi bowo limodzi.

Tikachoka pa khoma tifika pa magetsi. Tonse tikukumbukira chaka cha 2022, pomwe namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthima kwa magetsi kudatenga chaka ndi miyezi. Ngakhale kunja kuli bwino, magetsi a Escom amathima, mayunitsi amatha pakati pa usiku, ndipo mbava zimakonda mdima womwewo. Kamera yodalira soketi ya pakhoma imagona nthawi yomwe ikufunika kwambiri. Mwayi wake ngwakuti siidya magetsi ambiri, kawirikawiri mawati osaposa 10 kapena 12, choncho batire laling'ono ndi sola zimakwanira. Koma batirelo liyenera kudyetsanso kabokosi ka intaneti, chifukwa kakazima, foni yanu siilandira kanthu.

Za bandulo ogulitsa sakonda kuzitchula. Kamera yotumiza zithunzi zooneka bwino mosalekeza, pa liwiro la megabiti imodzi pa sekondi, imadya pafupifupi magigabaiti 11 pa tsiku, kutanthauza oposa 300 pa mwezi. Ndi golosale iti ya ku Kawale yomwe ingapirire zimenezo? Njira yomwe ambiri amatsata ndi yosunga zithunzi pa kakhadi kolowetsa mu kameramo, n'kumangotsegula pa foni pakafunika, kapena kuikonza kuti izijambula pokhapokha pakadutsa chinthu. Apa pali msampha wina: wakuba akazula kamera, wapita ndi kakhadiko, umboni wonse uli m'thumba mwake. Amene angathe, ndi bwino zithunzi zizisungidwa m'kabokosi kojambulira kobisidwa m'chipinda china.

Tsono pali funso lomwe ogula ambiri safunsa: kupatula inu, ndaninso akuona? Kamera ya pa intaneti ili ngati windo, ndipo windo limaonetsa mbali zonse ziwiri. M'chaka cha 2014 padatulukira tsamba la pa intaneti lotchedwa Insecam, lomwe linkaonetsa poyera zithunzi za makamera oposa 73,000 a m'maiko osiyanasiyana, ena a m'zipinda zogona ndi m'mabalaza a anthu. Eni tsambalo sadathyole loko aliyense. Eni makamerawo adangosiya mawu achinsinsi a ku fakitale, monga admin kapena 12345. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai idalowa m'makamera ndi zipangizo zina zikwizikwi kudzera pa khomo lomweli, n'kuzigwiritsa ntchito posokoneza masamba akuluakulu monga Twitter ndi Netflix.

Kwathu kuno chiopsezo chili pafupi kuposa pamenepo. Kawirikawiri kamera amaika ndi mnyamata wodziwa za mafoni, ndipo kuti ntchito ifulumire amailembetsa pa foni yake, kenako n'kukupatsani inu mwayi woonera. Ambiri mwa anyamatawa ndi okhulupirika, akungofuna ya ndiwo. Koma taganizani zomwe zili m'manja mwake: akudziwa nthawi yomwe mumatseka, kabati yomwe mumasungamo ndalama, masiku omwe kunyumba kumakhala ana okhaokha, ndi ngodya yomwe kamera siona. Foni yakeyo ikabedwa kapena akaibwereketsa, zonsezi zapita kwa munthu wina. Kamera ilembetsedwe pa nambala kapena imelo ya mwini wake, ndipo woikayo akangotsika pa makwerero, mawu achinsinsi asinthidwe.

Walira mvula walira matope. Kamera ikafika pa poloti imabweretsa milandu yomwe padalibe. Aliyense akudziwa mamangidwe a m'makwalala athu: poloti limodzi, nyumba zisanu kapena zisanu ndi zitatu, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi, ndi bafa lomwe nthawi zambiri lilibe denga. Kamera yomwe bambo wa nyumba yakutsogolo wakweza pakona kuti ione njinga yake yamoto, ingathe kumaonanso mayi wa nyumba yakumbuyo akupita kosamba, mwinanso m'bafa momwemo. Imaona amene walowa m'nyumba ya mnansi mwamuna wake atapita ku ntchito, ngakhale wolowayo ndi mlongo wake. Makamera ambiri a masiku ano amajambulanso mawu, choncho macheza a amayi pa mpopi amafika pa foni ya munthu mmodzi. Kodi ndani adamupatsa udindo umenewo?

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi chinsinsi pa moyo wake, ndipo silisankha kuti uyu ndi mwini poloti, uyu ndi wa lendi. M'chaka cha 2024 dziko lino lidakhazikitsanso lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, ndipo bungwe la Macra ndi lomwe lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Chithunzi cha nkhope ya munthu ndi mbali ya mbiri yake, moti wabizinesi amene akujambula makasitomala ndi antchito ake tsiku ndi tsiku sangati zimenezi sizikumukhudza. Kumaiko ena nkhani zotere zidafika kale kukhoti. Mu 2021 khoti la ku Oxford ku England lidagamula kuti bambo wina adalakwira mnansi wake poika makamera omwe ankajambula malo ndi mawu kupitirira malire a nyumba yake, ngakhale iye ankati akungoteteza katundu wake kwa akuba. Kachikwangwani kodziwitsa anthu kuti pano pali kamera sikadula, ndipo kamathandizanso kuopseza wakuba. Makamera ambiri ali ndi njira yophimbira mbali ya chithunzi kuti khomo la mnansi lisaoneke, komanso yozimitsira mawu.

Pali gulu lina lomwe silifunsidwa n'komwe maganizo: amayi ndi atsikana omwe amadzuka m'bandakucha ku Mgona ndi ku Chinsapo kukagwira ntchito m'nyumba za ena. Makolo ali ndi chifukwa chomveka chofunira kudziwa momwe mwana wawo akusamalidwira iwo ali ku ntchito. Koma wantchito auzidwe kuti pabalaza pali kamera, ndipo chipinda chomwe amagona kapena kusinthiramo zovala si malo oikamo chinthu chotere. Bwana amene waika kamera mobisa m'chipinda cha mtsikana wantchito sakuteteza mwana ayi, ndipo mayi wa pakhomopo ali ndi ufulu wofunsa kuti zithunzizo akuonera ndani.

Choopsa kuposa zonse chimachitika m'mawa mwake, shopu itathyoledwa. Mwini wake, mtima uli m'mwamba, amatsegula foni, amapeza kachidutswa koonetsa munthu akutuluka ndi katoni, ndipo pasanathe mphindi khumi kali pa gulu la WhatsApp la m'dera ndi mawu akuti amene akumudziwa anene. Kuchoka apo kamafika ku gulu la mpingo, la banki m'khonde, mpaka pa Facebook. Tanena kale kuti makamera ambiri adaikidwa moti sangaonetse nkhope. Onjezanipo kuti chithunzi cha usiku n'chakuda ndi choyera, mtundu wa malaya suoneka, ndipo nsalu yakuda imatha kuoneka yotuwa. Chomwe anthu akuona ndi mnyamata wowonda wovala chipewa. Anyamata owonda ovala zipewa alipo angati ku Kawale? Pamangofunika munthu mmodzi woti alembe kuti mayendedwe akewo ngati a uje wa kabaza, basi dzina lamera miyendo.

M'dziko muno dzina likamera miyendo chotero, mathero ake timawadziwa. Mu April 2016, ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idadandaula kuti pa miyezi iwiri yokha anthu 16 adaphedwa ndi magulu a anthu olusa m'Malawi, pa zochitika zisanu ndi zinayi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kumwera, popanda umboni ngakhale umodzi. Ngati mphekesera yopanda chithunzi idatha kuchita zimenezo, nanga mphekesera yokhala ndi kanema, yomwe aliyense akuti ndadzionera ndekha? Gawo 42 la malamulo aakulu limati woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Gulu la WhatsApp si khoti, ndipo tayala likayaka palibe apilo. Amene adatumiza kanemayo angadzapezeke kuti iye ndi amene akuyankha mafunso, pakuti lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act lidaika milandu ya kuzunza ndi kunyoza ena kudzera pa makina.

Ena anena kuti timatumiza pa WhatsApp chifukwa kupolisi zinthu zimachedwa. Dandaulo limeneli si lachilendo, ndipo apolisi ayenera kulimva. Anthu akuwononga ndalama zawo kugula mboni. Chomwe akufuna n'chakuti akafika ku Kawale, ku Kanengo kapena ku Lingadzi ndi kakhadi m'manja, apeze wapolisi wodziwa kukatsegula, kukopera zithunzi ndi kuzisunga mpaka tsiku la mlandu. Makomiti a chitetezo cha m'madera nawo angathandize pongodziwa kuti mumsewu mwawo makamera ali pati, chifukwa kawirikawiri nkhope yomwe kamera ya shopu yothyoledwa yaphonya imapezeka pa kamera ya geti lachitatu, pomwe wakubayo adavula chipewa poganiza kuti wafika patali.

Koma kuti umboniwo ukagwire ntchito, mwini kamera ali ndi mbali yake. Kanema wotumizidwa pa WhatsApp amafinyidwa, timadontho tambiri timatayika, choncho wopita naye kupolisi ndi uja ali pa kakhadi, osadulidwa kapena kulembedwa mawu pamwamba. Achotsedwe msanga, chifukwa kakhadi kakadzadza kamera imayamba kufufuta zakale n'kulembapo zatsopano. Ka magigabaiti 64 kojambula usana ndi usiku kamadzadza pasanathe sabata. Ndipo yang'anani wotchi yomwe imaoneka pakona ya chithunzi. Makamera ena otchipa magetsi akathima amaiwala tsiku ndi nthawi, ndipo ngati palibe intaneti yoti awakumbutse amabwerera ku deti la ku fakitale. Loya wa woimbidwa mlandu sadzavutika kufunsa kuti zatheka bwanji kuti kuba kwa Lachiwiri lapitali kujambulidwe pa 1 January chaka china, 12 koloko usiku.